Mng'alu wa Pamwamba pa Guwa

"Mayi, imani pomwepo. Musapondenso."

Mayi wosesa m'tchalitchi anaima pakati pa mabenchi, tsache lili m'manja, phazi limodzi lili m'malere. Kuchitseko chachikulu bambo wojambula zithunzi anali atawerama pa kamera yawo, chala chimodzi chili m'mwamba ngati akuletsa mvula.

"Kupuma ndipume, kapena nakonso mwaletsa?"

"Pumani, koma mukapumire panja."

Mumpingo monse bambowa ankadziwika kuti a Miyendoitatu, chifukwa cha chitsulo cha miyendo itatu chokhazikapo kamera chomwe ankayenda nacho paphewa kulikonse. Ena ankati ngakhale kuchipatala amapita nacho n'kuchiimika pamzere. Dzinalo silinkawapweteka. Pachikwangwani cha situdiyo yawo analembetsa kuti Katswiri wa Kuwala, ngakhale kuti ntchito yambiri yolowa pakhomopo inali ya tizithunzi ta paziphaso, ta anthu oletsedwa kumwetulira. Tsono komiti itawapempha kuti ajambule m'kati mwa tchalitchi, chithunzi choti chikhale pakalendala ya mpingo, iwo anaona kuti dziko layamba kuzindikira.

Mayi wosesa sanafunse kanthu, koma anawafotokozerabe.

"Kamera si diso la munthu, mayi. Mukaiuza kuti ione mawindo a magalasi amitundu aja, m'kati muno mumada ngati mumphika. Mukaiuza kuti ione m'kati muno, mawindo amangoyera mbee, mbusa wojambulidwa pawindo uja ndi nkhosa zake osaonekanso. Ndiye ife timajambula malo amodzimodzi kangapo, kuyambira chithunzi chakuda bii mpaka chowala kwambiri, kamera osaigwedeza ngakhale pang'ono. Kenako kompyuta imatola zabwino za m'chilichonse n'kusoka chithunzi chimodzi. Njirayi imatchedwa HDR." Zilembo zitatuzi anazitchula pang'onopang'ono ngati dzina la mankhwala osowa. "Munthu akadutsa pakati ine ndikujambula, amatuluka ngati mzukwa, miyendo inayi, mutu osaoneka."

"Mzukwa wosesa ukanatithandiza," anatero mayiwo. "Ife msana unatha kale." Anatuluka akukoka tsache lawo pansi mwadala.

M'tchalitchi munakhala zii. Dzuwa lamasana linkalowera pamawindo a kumadzulo n'kutaya zigamba zofiira ndi zobiriwira pamabenchi. Makoma anali oyera mpaka pomwe mawindo ankathera, koma kuyambira pamenepo kukwera m'mwamba kunali mdima wokhawokha, moti mitengo yonyamula denga inkangooneka ngati mithunzi. A Miyendoitatu anadikira kuti kamtambo kadutse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenako anadina kachingwe kojambulira, kamera inati tcha, anapotoza kagudumu, inatinso tcha, chonchobe mpaka chithunzi chomaliza chomwe kamera inakhala nthawi yaitali itatong'ola diso.

Asanamasule kamera anamva makiyi akulira kumbuyo kwawo. Anali a Tcheyamani a komiti ya zomangamanga, bambo amene ankayenda ndi makiyi a zitseko zonse za pampingo palamba, kuphatikizapo a zitseko zomwe zinachotsedwa kale. Ndiwo anatsogolera ntchito yokonza denga zaka zapitazo, ndipo chitsulo chonena za ntchitoyo chinakhomedwa pakhonde, dzina lawo lili pamwamba pa dzina la abusa. Mwana wawo wamwamuna ankakwatira mwana womaliza wa a Miyendoitatu Loweruka la sabata yotsatira, m'tchalitchi momwemo, ndipo abambo awiriwa anali atayamba kale kutchulana asewere mokweza kuti anthu azolowere.

"Asewere, denga lionekere bwino," anatero a Tcheyamani. "Anthu amalowa muno n'kumangoyang'ana nsapato za anzawo. Sadziwa kuti pamwamba pa mitu yawo pali thukuta la anthu ena."

"Lioneka mpaka misomali, asewere. Zimene diso lanu silinaonepo chikhalire, muziona."

"Ine denga ili ndimalidziwa ngati chikhatho changa."

"Chikhatho chanu chili pounika. Dikirani muone."

Anasekera limodzi, aliyense akukhulupirira kuti wapambana.

M'mawa mwake a Miyendoitatu anakhala pakompyuta musitudiyo. Kuseri kwa katani yabuluu, yomwe anthu a ziphaso ankaitsamira, akazi awo anali pamakina osokera akumaliza madiresi a operekeza mkwatibwi. Kompyuta inatenga zithunzi zija, inaganiza pang'ono, kenako inatulutsa chimodzi. A Miyendoitatu anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

Tchalitchi chotere sanachionepo, ngakhale anabatizidwira momwemo. Mbusa wa pawindo anaoneka ndi ndevu zake zonse, ndipo nkhosa imodzi inapezeka kuti ili ndi belu pakhosi. Mabenchi ankanyezimira pomwe zigongono za anthu zinadya vanishi. Ndipo kumwamba, komwe kunkakhala mdima, kunatseguka: mitengo yofiirira yolukana bwino, mabawuti akuda, chisa chakale cha mbalame pakona.

"Amayi, tabwerani muone zimene mwamuna wanu amachita."

Akazi awo anabwera ndi mapini pakamwa, anayang'ana, anagwedeza mutu. Anachotsa mapiniwo. "N'chokongola. Koma kumwambako sikunasesedwepo chimangire."

"Sindinakuitanireni fumbi."

A Miyendoitatu anayamba kukuza chithunzicho kuti awaonetse misomali. Atafika pa mtengo waukulu wopingasa, womwe unkachoka khoma lina kufika khoma linzake kutsogolo kwa tchalitchi, anaona kamzera kakuda. Tsitsi pagalasi la kamera, anaganiza choncho, ndipo anakwiya ndi tsitsilo. Anatenga kamera, anaunika galasi, linali loyera. Anatsegula zithunzi zija chimodzichimodzi. Pa zakuda panalibe kanthu, mtengowo sunkaoneka n'komwe. Pa chowala kwambiri chija kamzerako kanalipo, pamalo omwewo.

"Ndi ukonde wa kangaude," anatero.

"Kangaude wake ndi wamphamvu," anatero akazi awo. "Taonani, mbali iyi yatsika kuposa inzake."

Anakuzanso. Unali mng'alu. Unayambira pabawuti, unayenda mopendekera kudutsa pafupifupi thupi lonse la mtengowo, ndipo m'kati mwake thabwa linali loyera, losada ndi fumbi ngati kwina konse. A Miyendoitatu anatsitsa chithunzicho pang'onopang'ono kuchokera pa mng'alupo molunjika pansi. Anafika pa masitepe a guwa, pomwe akwati amagwada.



"Walira mvula walira matope," anatero akazi awo. "Munafuna kuona zonse."

"Mwina wakhala choncho zaka zambiri."

"Mwina."

"Mitengo imang'aluka. Ndi chilengedwe chake."

"Ine ndimasoka nsalu, abambo. Za mitengo kafunseni asewere anu." Anabwerera kuseri kwa katani, koma makina osokera sanalirenso msanga.

Masana a Miyendoitatu anakawapeza a Tcheyamani m'kachipinda ka komiti kuseri kwa tchalitchi, atakhala pampando wokhawo wokhala ndi khushoni. A Miyendoitatu anaika patebulo zithunzi ziwiri zomwe anatsuka: chachikulu cha tchalitchi chonse, ndi chaching'ono cha mtengo wokha. A Tcheyamani anayamba ndi chachikulu, ndipo anachiyang'ana monga munthu amayang'anira mdzukulu wofanana naye. Kenako anatenga chaching'onocho. Anachiyandikiza kumaso, anachitalikitsa, anachitembenuza.

"Ndi mthunzi uwu."

"Mithunzi ndinaichotsa yonse, asewere. Ndiyo ntchito ya njira imeneyi."

"Ndiye mwaichotsa mopitirira muyeso."

"Kamera sinama."

"Kamera yanu inandipatsa ine masaya a mwana wasukulu pa chiphaso changa. Musandiuze za kamera." Anaika chithunzicho pansi chafufumimba. "Mtengo umenewu tinaupeza ulipo, wolimba ngati chitsulo. Ndinaugogoda ndekha ndi dzanja ili. Tinangoupaka vanishi n'kuika malata atsopano pamwamba, olemera bwino, osati timapepala tamasiku ano."

"Olemera bwino," anabwereza a Miyendoitatu.

A Tcheyamani anadzuka n'kukankha chitseko. Atakhalanso pansi mawu awo anali atatsika.

"Asewere, tiyeni tilankhule ngati anthu a banja limodzi. Abusa athu mukuwadziwa. Ndi munthu amene analetsa makandulo chifukwa katani inagwedezeka. Akangoona ichi, mawa lomwe pachitseko pali loko. Makadi a ukwati tinatumiza kale. Achemwali anga akuchokera kutali, matikiti anagula. Mwana wanu wakhala akuyeza kanjira ka pakati pa mabenchi kaja ndi maso chiyambire ali wamng'ono. Mukamuuza chiyani? Kuti akakwatiwe m'holo ya sukulu, pansi pa bolodi?"

Holoyo a Miyendoitatu ankaidziwa. Inali ndi mawindo ang'onoang'ono apamwamba ndi magetsi aatali oyera omwe amasandutsa munthu aliyense wodwala.

"Ukwati ungodutsa," anapitiriza a Tcheyamani, "Lolemba lake ndikwera ndekha pamakwerero. Mutu umodzi susenza denga, ndikudziwa, ndidzaitana komiti yonse. Koma osati ukwati usanadutse. Mtengo umene wapirira zaka zonsezi sungasankhe Loweruka lathu. Makina anuwo amachotsa ziphuphu pankhope za anthu. Kamzera aka n'kachiyani?"

"Ine sindisintha zomangamanga. Ndi lamulo la ntchito yathu."

"Lamulo labwino. Ndipo pansi pa kalendala tilemba dzina lanu ndi zilembo zazikulu, ndi udindo wanu uja wa pachikwangwani. Kalendala imeneyi ikapachikidwa m'nyumba iliyonse ya mumpingo, chaka chathunthu."

Pobwerera kusitudiyo a Miyendoitatu ankadziuza kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mwambiwo unawatonthoza mpaka pakhomo. Kufufuta mng'aluwo pachithunzi, pakompyuta, sikunatenge nthawi. Anabwereka thabwa labwino pambali pake, analimata pamwamba, anasalaza m'mphepete, anabwezeretsa ngakhale timizere ta mtengo kuti tiyende mogwirizana. Inali ntchito yaukhondo kwambiri, ndipo chinawapweteka n'chakuti panalibe munthu woti amuonetse.

Akazi awo anasuzumira pakatani. "Mwaukonza mtengo uja?"

"Pa kalendala pokha."

"Chikomekome cha mkuyu."

"Nanga inuyo mukufuna nditani? Madiresi onsewo musoke pachabe?"

"Madiresi amavalidwa paliponse. Ine sindinanene kanthu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

"M'mimba mwanga muli bwinobwino."

"Ndiye idyani. Chakudya chanu chamasana chikadali chovundikira."

Lamulungu litakwana, a Miyendoitatu, omwe kwa zaka zambiri ankakhala benchi yachiwiri kutsogolo kuti abusa aziona kuti akulemba mfundo za ulaliki, anapeza kuti kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, kumapita kamphepo kabwino. Akazi awo anakhala pambali pawo osafunsa chifukwa. Nyimbo yoyamba isanathe anaona munthu wina ataima pakhomo akugawa mabuku a nyimbo kwa ochedwa, ntchito yomwe nthawi zonse inkagwiridwa ndi achinyamata. Anali a Tcheyamani. Mabuku atatha anakhalabe pomwepo, akuyang'anira chitseko kuti chisathawe.

Abambo awiriwa anapatsana moni ndi mutu, ndipo aliyense anayang'ana kwina.

Kutsogolo kunali kodzaza. Kwaya inaima pamasitepe a guwa, amayi okalamba osamva bwino anakhala benchi yoyamba, ndipo nthawi ya ana itakwana, ana onse anathamangira kutsogolo n'kukhala pansi mozungulira abusa. A Miyendoitatu anakweza maso. Kunali mdima womwe uja wa masiku onse, wofatsa, wosaonetsa kanthu. Ulaliki wa tsikulo sanaumve, ndipo kwaya itafika pa mawu okwera anapezeka atagwira mkono wa akazi awo.

"Mukundipweteka," ananong'ona mayiwo.

Ukwati utayandikira, abusa anaitana mabanja onse awiri kuti adzayeserere mwambo wake madzulo dzuwa lisanalowe. Operekeza anafola ndi nsapato zawo zatsopano m'manja. Mkwati anaima kutsogolo akutuluka thukuta ngati tsikulo lafika kale. A Tcheyamani anasankha kuona zonse ali pakati pa tchalitchi, kuti aone ngati mizere yawongoka.

Mkwatibwi, yemwe pakhomo pawo aliyense ankangomutchula Mzime, anakoleka dzanja lake pamkono wa bambo ake kuchitseko. Anali atamanga nsalu ya patebulo m'chiuno kuti azolowere diresi lokwekwereza.

"Ababa, muziyenda pang'onopang'ono. Si mpikisano."

"Ndikudziwa kuyenda."

"Ndipo musamauze anthu poima. Tsiku limenelo ndinu bambo, kamera ikhala ndi wina."

Woimba limba anayamba. Anayenda. Kanjirako kanali kafupi kuposa mmene a Miyendoitatu ankakadziwira. Mabenchi ankadutsa mofulumira, ndipo mkono wa mwana wawo unali wopepuka ngati tsiku lomwe anamuperekeza koyamba kusukulu. Atafika pa benchi yachitatu kuchokera kutsogolo, miyendo yawo inaima yokha.

Limba linapitirira pang'ono, kenako linazindikira kuti lili lokha.

"Bwerani naye mpaka pano, bambo," anatero abusa, akuloza masitepe.

"Apa pali bwino, abusa."

"Apo ndi pakati pa njira."

"Kuwala kwa pamenepo n'koipa. Kumachokera kumbuyo, nkhope zida. Ngati n'kotheka akwati agwade pano, mkeka tiukokere kuno."

"Ababa," anatero Mzime ndi mano okha.

"Guwa silisuntha chifukwa cha zithunzi, bambo," anatero abusa mofatsa. "Akwati onse a mumpingo uno anagwada pano, inunso munagwada pano. Nkhope zanu zinaoneka."

Operekeza anaseka. Mzime anakoka mkono wake, koma bambo ake anaupana m'khwapa. Anakokanso. A Miyendoitatu anamva makiyi akulira kumbuyo, akuyandikira, kenako anaima patali ndithu.

"Asewere," anatero a Tcheyamani, "musiyeni mwana apite. Tonse tinalera, tikudziwa kuti n'zowawa."

"Bwerani mudzamutenge ndinu, asewere. Mukaime naye pamasitepepo."

Makiyi sanalire.

A Miyendoitatu anapisa dzanja lomwe linali lomasuka m'thumba la jekete. Chithunzi chaching'ono chija anali akuyenda nacho chiyambire tsiku lija, osadziuza chifukwa, ndipo chinali chitapindika m'makona. Anachitambasula.

"Abusa, tabwerani kuno. Inuyo mubwere, ife sitifika kumeneko."

Abusa anatsika masitepe. Anayang'ana chithunzicho, anayang'ana kumwamba, anayang'ananso chithunzicho.

"Ichi n'chiyani?"

"Mtengo umene munaima pansi pakewo."

"Ine sindikuona kanthu kumwambako."

"Simungaone. Ngakhale tochi safika bwino. Kamera inakhala nthawi yaitali ikuyang'ana."

"Ndi mthunzi umenewo, abusa," anatero a Tcheyamani. "Ndinawauza kale."

"Munawauza liti?" anafunsa abusa.

Abusa anapinda chithunzicho, anachiika m'thumba la malaya, ndipo ndi mawu omwe ankalengezera nyimbo anapempha mkwati, woimba limba ndi onse omwe anali kutsogolo kuti atuluke mwadongosolo kudzera chitseko cham'mbali.

M'mawa mwake kunabwera mayi wina wa mumpingo momwemo, injiniya wa zomanga. Anakwera pa makwerero aatali omwe anabwereka kwa ozimitsa moto, anakhala kumwambako kanthawi, ndipo atatsika anapukuta m'manja n'kunena kuti tsiku loti mtengowo udzagwe iye salidziwa. Ukhoza kukhala zaka khumi, ukhoza kukhala mpaka mphepo yamphamvu yotsatira. Chomwe ankadziwa n'chakuti ana ake sawalowetsamo. Masana omwewo pachitseko panali loko watsopano, ndipo kiyi wake anasunga abusa.

Mapemphero ndi ukwati zinasamukira kuholo ya sukulu. Za kalendala komiti inati idzakambirana nthawi ina. Mumpingo anthu anagawikana: ena ankati a Miyendoitatu apulumutsa miyoyo, ena ankati munthu ukamafunafuna ndi makina upeza mng'alu ngakhale pa dzira. A Tcheyamani anasiya mawu oti asewere. M'mawa uliwonse ankadutsa kutchalitchi, ankasuzumira pawindo, kenako ankadzera pasitudiyo n'kuima pakhomo osalowa.

"Mayi," ankauza akazi a a Miyendoitatu, eni situdiyo ali pomwepo, "muwauze bambo a pano kuti silinagwe."

"Amva," ankayankha mayiwo.

Mzime sanalankhule ndi bambo ake. Ankadutsa musitudiyo kupita kuseri kwa katani kukayesa diresi, ndipo ankatuluka maso ali kuchitseko. Ankaimbira foni alendo mmodzimmodzi kuwauza za holo, ndipo mawu oti holo ankawatchula mokweza kuti adutse katani. A Miyendoitatu ankajambula anthu a ziphaso, osawafotokozeranso chilichonse, moti kasitomala wina wakale anafunsa ngati akudwala.

Ukwati utatsala pang'ono kwambiri, masana kutatentha, Mzime anatuluka kuseri kwa katani atavala diresi laukwati lomwe m'munsi mwake munali mukadali mapini. Anaima kumbuyo kwa mpando wa bambo ake.

"Ndionetseni."

Bambo ake anatsegula chithunzi chenicheni chija, chosakonza. Mtsikanayo anawerama, chophimba kumutu chikukhudza phewa lawo. Anayang'ana mawindo, mabenchi, kanjira kapakati. Bambo ake anakuza pa mtengo paja. Mzime anauyang'ana nthawi yaitali.

"Ine ndikanagwada pati?"

Anatsitsa chithunzicho molunjika, mpaka pamasitepe, n'kuika chala pagalasi la kompyuta.

"Apa. Mwamuna wako apa."

Mzime anawongoka. Anakonza chophimba kumutu chija, anayang'ana mapini a m'munsi mwa diresi.

"Holo ija ndi yonyansa, ababa."

"Ndikudziwa."

"Bolodi akuti silichoka. Analikhomerera kukhoma."

"Tiphimba ndi nsalu," anatero mayi ake kuseri kwa katani.

"Mupiteko lero dzuwa lisanalowe," anatero Mzime. "Mukajambule denga lake monga munachitira ili, kangapo konse, ndione ndisanakagwadepo. Ndipo makiyi a holo ali ndi apongozi anga. Mukawatenge kunyumba kwawo mupite nawo limodzi, akaone okha pakamera. Ine sindikhala pakati pa abambo awiri olankhulana kudzera mwa amayi."

"Sanditsegulira chitseko."

"Mukagogode mpaka atope. Kudikira mumakutha."

Anabwerera kuseri kwa katani atanyamula diresi m'manja kuti lisakhudze pansi. A Miyendoitatu anakhala kanthawi akuyang'ana kompyuta. Kenako anaizimitsa, anaika batire lina m'kamera, anavala jekete, ndipo potuluka anakhotera kumanzere, njira ya kwa a Tcheyamani.